Loya wamkulu pa milandu ya zamalonda ndi yotsutsana ndi boma: zomwe ndalama zathu zinagula

Kuno ku Zomba munthu wa bizinesi akanena kuti mlandu wake aupereka kwa loya wa udindo wa Senior Counsel, anzake amayamba ndi kufunsa za mtengo, ndipo nkhani imathera pomwepo. Ine ndi achimwene anga, amene timayendetsa sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, talembapo loya wotere pa nkhani ziwiri zosiyana: yoyamba inali ya ngongole yomwe kampani ina yomanga inkakana kutibwezera, ndipo yachiwiri inali ya kalata yomwe ofesi ina ya boma inatilembera yotichotsa pa malo omwe timasungirapo katundu. Dzina la loyayo sinditchula, ngakhalenso la kampani ndi ofesiyo, chifukwa zina mwa zomwe ndinene ndi zodandaula. Maganizo anga ndi akuti ntchito yawo ndi yokwera mtengo komanso yosowetsa mtendere m'zinthu zing'onozing'ono, koma pa zinthu ziwiri zomwe mlandu umafera kapena kupulumukira, kudziwa bwalo loyenera ndi kusunga nthawi yomwe lamulo linaika, sindinaonepo wina wofanana nawo.

Ku England ntchito ya uloya inagawidwa pawiri, kotero kuti wina amakhala mu ofesi kukumana ndi mwini mlandu ndi kukonza mapepala, pomwe wina, barrister, ndiye amakaima pamaso pa jaji, ndipo mwa oterewa amene apambana luso amapatsidwa udindo wa King's Counsel. Kwathu kuno loya mmodzi amaloledwa kuchita zonse ziwiri, ndipo udindo wofanana nawo ndi wa Senior Counsel, womwe Mtsogoleri wa dziko amapereka kwa maloya amene atumikira nthawi yaitali nadziwika ndi luso. Udindowu suwonjezera ndime iliyonse pa lamulo, ndipo jaji sakakamizidwa kugwirizana ndi munthu chifukwa chakuti dzina lake limatha ndi zilembo SC. Ambirife tinayamba kuwamva bwino maloya a mtunduwu pa wayilesi pa nthawi ya mlandu wa chisankho cha Mtsogoleri wa dziko cha 2019, pamene majaji asanu otsogozedwa ndi a Healey Potani anathetsa zotsatira za chisankhocho pa 3 February 2020, ndipo kuchokera pamenepo anthu ena amaganiza kuti ntchito ya loya wamkulu ndi kupanikiza mboni ndi mafunso mpaka ituluke thukuta. Pa milandu yathu iwiri, palibe mboni ndi imodzi yomwe imene inafunsidwa funso.

A loya athuwa anaphunzira malamulo konkuno ku Chancellor College, yomwe tsopano ndi University of Malawi, ndipo zaka zawo zoyambirira anagwira ntchito m'boma, akuimira boma pa milandu, asanatsegule ofesi yawoyawo ku Blantyre. Mbiri imeneyi si yongokometsera khoma, chifukwa inaonekera m'malangizo awo. Anaiona nthawi yomwe kutsutsa chiganizo cha ofesi ya boma kunali kudziputira mavuto, anaona malamulo oyendetsera dziko a 1994 akutsegula njira yoti munthu wamba afunse boma zifukwa, anaona kukhazikitsidwa kwa nthambi ya bwalo lalikulu yoona milandu ya zamalonda mu 2007, ndiponso anayenera kuphunzira mwatsopano kayendetsedwe ka milandu pamene ndondomeko zatsopano za bwalo lalikulu zinayamba kugwira ntchito mu 2017. Munthu amene analemberapo boma makalata amadziwa pomwe makalata a boma amafooka, ndipo munthu amene waona makampani ambiri akugwa amadziwa kuti chigamulo chokoma pa kampani yopanda kanthu ndi pepala chabe.

Nkhani ya ngongole inali motere. Kampani yomangayo inatenga kwa ife simenti, malata ndi zitsulo pa ngongole mu 2022, polonjeza kulipira ikalandira malipiro ake, kenako inayamba kunena kuti katundu wina sanafike pamalo pomwe inkamanga. Titapita kwa a loya tinanyamula mkwiyo wambiri ndi mapepala ochepa. Iwo sanafune kumva kaye za kuipa mtima kwa mwini kampaniyo, koma anapempha buku la ngongole, mainvoisi, mapepala osonyeza kuti katundu waperekedwa ndi mayina a amene anasainira, komanso mauthenga onse a pa WhatsApp, osadumpha ngakhale omwe ife tinkaona ngati achabe. Mwa mauthengawo anapezamo umodzi momwe mkulu wa kampaniyo anapempha kuti timudikire mpaka kutha kwa mwezi, natchula ndalama yonse ya ngongoleyo. Anatifotokozera kuti uthenga umenewo ndi wolemera kuposa mboni zomwe tinkafuna kubweretsa, popeza munthu amene wavomera ngongole polemba amavutika kudzanena pambuyo pake kuti katundu sanalandire.

Achimwene anga atanena kuti palibe chothamangira chifukwa mlandu suola, a loya anayankha mofatsa kuti, "Bambo, zimenezo n'za pabwalo la amfumu; kukhoti mlandu wa mgwirizano uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo wina womwe mungadzakumane nawo uli ndi miyezi itatu yokha." Tinaseka, osadziwa kuti wa miyezi itatuwo unali m'njira. Chomwe anatsindika kwambiri sichinali zaka zisanu ndi chimodzizo, koma mphamvu ya kwacha. Ndalama yathu inali itatsika kale ndi 25 peresenti mu May 2022, ndipo iwo anati aliyense amene ali ndi ngongole yolembedwa m'makwacha amapindula ndi kuchedwa, pomwe wokongoza amaluza tsiku ndi tsiku ngakhale bwalo litadzawonjezera chiwongoladzanja. Anafufuzanso, asanatumize chisamani, ngati kampaniyo inali yolembetsedwa, eni ake ndi ndani, ndiponso ngati inali ndi katundu yemwe masherifu angalande, chifukwa ngongole ya kampani si ngongole ya mwini wake, ndipo galimoto yomwe bwana amayendera ikhoza kupezeka kuti ndi ya banki.

Ngakhale kuno ku Zomba kuli bwalo lalikulu, mlanduwu anaupititsa ku nthambi ya zamalonda ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 65, ndipo anatiuza chifukwa chake: kumeneko majaji amaona milandu ya mtundu umenewu tsiku lililonse, ndipo mlandu usanayambe kuzengedwa mbali ziwirizo zimayenera kukhala kaye pansi pamaso pa mkhalapakati. Pa zokambiranazo ndi pomwe ndinaona luso lomwe silimveka pa wayilesi. Sanakweze mawu, sananyoze loya wa mbali inayo amene anali wamng'ono kwa iwo, ndipo anangoyala mapepala motsatira masiku, kuyambira pa oda yoyamba mpaka pa uthenga uja. Kenako anatitengera pambali natilangiza kuti tisiyeko gawo la chiwongoladzanja chomwe tinkafuna, posinthana ndi mgwirizano wosainidwa ndi bwalo woti ndalamayo ilipidwe m'magawo ochepa, ndi kuti gawo limodzi likaphonyedwa yonse yotsala ifunike nthawi yomweyo.

Kunena zoona, malangizowa sanatikomere. Tinali talipira loya wamkulu kuti akatiwinire mlandu, osati kuti atiuze kusiya ndalama zathu, ndipo achimwene anga anafika poganiza kuti maloya awiriwo amvana kuseri. A loya sanakhumudwe ndi kukayikiridwako, koma anatilembera pa pepala limodzi njira ziwirizo, ndalama zomwe iliyonse ingadye, ndi zomwe zingachitike mbali inayo itachita apilo ku bwalo la Supreme Court, natisiya kuti tisankhe tokha. Tinavomera, ndipo gawo lalikulu la ngongoleyo linalowa kwacha isanatsikenso ndi 44 peresenti mu November 2023. Sindikunena kuti iwo analosera za kutsikako, chifukwa sananene tsiku kapena chiwerengero chilichonse. Chomwe ananena n'chakuti ndalama ya lero ndi yodziwika pomwe ya zaka zitatu zikubwerazo ndi yongoganizira, ndipo loya amene amalipidwa malinga ndi nthawi yomwe wathera pa mlandu akakulangiza njira yaifupi, malangizowo ndi ofunika kuwamvetsera.

Gawo lomaliza kampaniyo inaliphonya, ndipo apa ndime ija ya mu mgwirizano inagwira ntchito. Sipanafunike mlandu watsopano. Ofesi ya a loya inapempha bwalo kuti lilamule banki ya kampaniyo kupereka ndalamazo mwachindunji kuchokera mu akaunti yake, ndipo zinatero.

Nkhani yachiwiri ndi yomwe inandionetsa kusiyana kwenikweni. Tinalandira kalata ya mizere yochepa yonena kuti chilolezo chathu chogwiritsa ntchito malo osungirapo katundu chathetsedwa ndipo tichotsepo zonse. Munalibe chifukwa chilichonse m'kalatamo, ndipo palibe amene anatiitana kuti timve zomwe tinalakwa. Anzathu a mu msika anatilangiza zosiyanasiyana: wina anati tipite kwa khansala, wina anati tilembe kalata yopepesa n'kudikira, ndipo wina anati tingopereka kangachepe kwa woyenera. A loya atangoiona kalatayo anayang'ana tsiku lomwe inalembedwa asanawerenge china chilichonse. Anatifotokozera kuti pempho loti bwalo lalikulu liunikenso chiganizo cha ofesi ya boma liyenera kuperekedwa mwamsanga, ndipo pasadutse miyezi itatu kuchokera pomwe chiganizocho chinapangidwa, moti anthu ambiri amene ali ndi madandaulo omveka amataya mwayi wawo akuyendayenda m'maofesi kumene amauzidwa kuti abwerenso sabata yamawa.

Maziko a pempho lathu anali gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko, lomwe limapatsa munthu aliyense ufulu woti chiganizo cha ofesi ya boma chokhudza ufulu kapena zofuna zake chipangidwe motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zake polemba. A loya anayamba ndi kalata yaulemu yopempha zifukwazo ndi kupereka masiku ochepa oti iyankhidwe, ndipo anatiuza poyera kuti kalatayo ili ndi ntchito ziwiri: ikayankhidwa bwino nkhani ikhoza kuthera pomwepo, ndipo ikapanda kuyankhidwa idzakhala umboni woti tinayesa njira zina tisanathamangire kukhoti. Siinayankhidwe. Pamenepo anakapempha chilolezo cha bwalo lalikulu la kuno ku Zomba choti mlanduwo umvedwe, pamodzi ndi lamulo loimitsa kaye kutichotsa. Anatiwerengetsa chikalata cholumbirira ndime ndi ndime, nachotsamo mawu onse omwe tinkafuna kunena oti akuluakulu ena a mu ofesiyo ankafuna kupereka malowo kwa wachibale, ponena kuti chomwe sitingachionetse ndi umboni chingangodetsa zomwe tingathe kuonetsa. Anatichenjezanso kuti wopempha chiletso amalonjeza kudzalipira zomwe mbali inayo yataya ngati zitadzapezeka kuti chiletsocho sichinali choyenera, chinthu chomwe amene amakonda kunena kuti "tikatenga injankishoni" sachitchula.

Chenjezo lomwe ndimaliyamikira koposa linali lokhudza malire a mlandu wotere. Anthu a ku Zomba timakumbukira chigamulo cha a Jaji Zione Ntaba cha mu 2023, cholamula kuti ana a chipembedzo cha Rastafari aziloledwa m'sukulu za boma osameta tsitsi lawo, ndipo zigamulo zotere zimatipangitsa kuganiza kuti bwalo likalowerera ndiye kuti wodandaula wapeza zonse. A loya anati pa nkhani ngati yathu bwalo limayang'ana kwambiri njira yomwe chiganizo chinapangidwira, osati kulowa m'malo mwa ofesiyo n'kusankha amene ayenera kukhala pa malowo. Anati, "Mayi, chomwe ndingakupezereni ndi mwayi woti akumveni, sindingakulonjezeni kuti akakumvani adzagwirizana nanu." Zinachitikadi choncho. Bwalo litapereka chilolezo, ofesiyo inavomera kubweza kalata yake, kenako inatiitana, inatiuza kuti shedi yathu ina inalowa m'malo osiyidwira msewu, ndipo itamva mbali yathu inatisiyira malowo koma inatilamula kugwetsa shediyo. Tinaigwetsa ndi ndalama zathu, ndipo chifukwa tinauzidwiratu, sitinadzione ngati onamizidwa.

Tsopano ndinene zomwe sizinandisangalatse, ndipo si zochepa. Kuwapeza a loyawa pa lamya ndi ntchito payokha. Nthawi zambiri ali kukhoti, ku Lilongwe kapena pa msonkhano, ndipo uthenga umadutsa kwa mlembi, kwa kalaliki ndi kwa loya wachinyamata usanawafike. Loya wachinyamatayo ndi amene ankalemba mapepala ambiri ndi kukaonekera pa masiku ang'onoang'ono, zomwe sizolakwika, ndipo anali wakhama ndithu, koma palibe amene anatiuza pachiyambi kuti ntchito idzagawidwa motero. Munthu amene walipira dzina lalikulu amayembekezera kuona mwini dzinalo, ndipo akaona wina popanda kufotokozeredwa amayamba kudzifunsa ngati mlandu wake waonedwa kuti ndi wochepa. Panalinso tsiku lomwe tinatseka sitolo n'kukwera minibasi m'mamawa kupita ku Blantyre, n'kukamva pakhomo pa khoti kuti nkhani yathu yasunthidwa, pomwe ofesi yawo inadziwa dzulo lake. Kusuntha masiku si mlandu wa loya, koma kusaimba lamya ndi mlandu wa ofesi yake, ndipo kupepesa komwe tinalandira sikunabweze malonda a tsikulo.

Chinanso ndi chilankhulo. Tikakhala nawo maso ndi maso a loya amafotokoza m'Chichewa chomveka bwino, mwina kuposa aphunzitsi ambiri, koma kalata iliyonse yochokera ku ofesi yawo imabwera m'Chingerezi cha malamulo chomwe ngakhale ine, amene ndinafika Fomu 4, ndinkachiwerenga kawiri n'kutsalabe m'mbuyo. N'zomveka kuti mapepala opita kukhoti akhale m'Chingerezi, popeza ndicho chilankhulo cha mabwalo athu akuluakulu, koma kalata yolangiza mwini mlandu ndi ya mwini mlanduyo. Ngati pa mlandu wa chisankho panapezeka otanthauzira oti dziko lonse limve, ofesi yomwe imalandira ndalama zochuluka chotere singalephere kuwonjezera ndime imodzi ya Chichewa yonena chomwe chachitika ndi chomwe munthu ayenera kuchita.

Za malipiro ndi zomwe anthu amafunsa kwambiri. Sinditchula chiwerengero, chifukwa chimasiyana malinga ndi kukula kwa mlandu, koma ndinene momwe amawerengera. Pamafunika ndalama yoyambira ntchito isanayambe, kenako bilu imabwera yotengera maola omwe agwiritsidwa ntchito, ndipo ola la a loya aakulu ndi lokwera kutalitali poyerekeza ndi la wachinyamata uja. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa VAT, ndalama zolipira kukhoti popereka mapepala, zoyendera ndi zojambulitsa zikalata. Bilu yoyamba inangolembedwa mwachidule, ndipo titapempha kuti aiphwanye anatero mosanyinyirika, koma sindikuona chifukwa chomwe munthu ayenera kuchita kupempha. Amalonda anzanga adziwenso kuti bwalo likalamula woluza kulipira ndalama za mlandu, zomwe zimabwera kawirikawiri sizifika pa zomwe mwalipira loya wanu, moti ngakhale wopambana amatulukamo atataya kanthu. Pa mbali yabwino, ndalama iliyonse yomwe tinapereka inali ndi risiti, ndipo zomwe kampani ija inkalipira kudzera ku ofesi yawo zinkatifika msanga pamodzi ndi chikalata chosonyeza zomwe zadulidwa. Amene anamvapo nkhani za maloya okhalira ndalama za eni ake, zomwe bungwe la Malawi Law Society limalandirapo madandaulo, adziwa kuti ichi si chinthu chochepa.

Sindingalangize aliyense kupita kwa loya wa msinkhu uwu ndi nkhani iliyonse, ndipo iwo eni amakana zina. Mnzanga wa ku Chinamwali amene ndinamutumizako ndi ngongole ya matumba ochepa a simenti anauzidwa pa kukumana koyamba kuti malipiro awo angapose ngongoleyo, nalangizidwa kukasuma yekha ku bwalo la majisitireti. Amene alibe ndalama ali ndi Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osauka pa milandu, ndipo amene akudandaula za kuchedwa kapena kusalabadira kwa ofesi ya boma akhoza kuyamba ndi ofesi ya Ombudsman, yomwe silipiritsa, malinga akumbukire kuti miyezi itatu ija ikuwerengedwabe ngati akuganiza zodzapita kukhoti. Koma pomwe ndalama zomwe zili pachiswe zingagwetse bizinesi, kapena pomwe mbali inayo ndi boma, kampani yaikulu kapena banki yokhala ndi maloya akeake, ine ndingabwererenso kwa a loya omwewa. Ndingapemphe kuti tisanayambe tilemberane pa pepala kuti ndani adzagwira gawo liti la ntchito, ola la aliyense ndi ndalama zingati, ndiponso kuti tsiku la kukhoti likasintha ndidziwitsidwe ndisananyamuke ku Zomba.